Msana Wanga ndi Maso a Akamwini

Mpaka lero ndikamva fungo la mphasa yatsopano ndimakumbukira khonde la kuseri kwa leba, chipinda chimene amayi amachiriramo, pa chipatala chaching'ono cha kumalire kumene ndinagwira ntchito ya uzamba mpaka kupuma. Linali khonde la simenti yong'aluka, loyang'ana ku kamunda ka mtedza ka alonda athu. Dzuwa likapendeka, odwala oyendera atatha, tinkayala mphasa pamenepo, ena ndi ndevu zawo, ena ndi imvi zawo, n'kugona chagada ngati makanda oyembekeza kudzozedwa mafuta. Anthu odikirira odwala ankatisuzumira pa mpanda n'kumagwira pakamwa. Ndimalisowa khonde lija, sindibisa.

Msana wanga sunayambe kuwawa tsiku limodzi. Mabedi a mu leba anali aafupi, ndipo amayi a kwathu kuno amabwera mochedwa, mwana atafika kale pakhomo. Wina umamutsitsa pa ngolo, wina pa njinga ya kabaza, wina umamupeza wagwada pachipata akuitana amake. Pamenepo sufunsa kuti ndani andithandiza. Umawerama, umanyamula, umathamanga naye, ndipo msana umangokusungira chakukhosi.

Chaka cha korona chinangobwera kudzamaliza, paja mvula ikakuona litsiro siikata. Anzathu ena anawatenga kukayeza madalaivala a mathiraki ku boda, ena anadwala, otsalafe aliyense ankagwira ntchito ya anthu awiri. Pa chipatala chija panalibe wopanda dandaulo. Adokotala athu, amene analinso ainchaji, khosi linawauma moti ukawaitana ankatembenuka thupi lonse. Amayi okolopa phewa linakana kukwera. Ine ndinkadzuka pa bedi mochita kugubuduzika, nsapato n'kuvala zongokwakwaza, chifukwa kuwerama kuti ndimange zingwe inali nkhondo.

Tsiku lina ainchaji anandiitanira mu ofesi mwawo. Anali a msinkhu wa mwana wanga, ndiye ankalankhula maso ali pa tebulo.

"Amayi, ndakhala ndikuona mmene mukuyendera. Zikapitirira chonchi ndiwauza a ku Boma akuchotseni ku leba. Mukhale ku sikelo, muziyeza ana mutakhala pa mpando."

"Ine ku sikelo?"

"Kapena mupume msanga. Tsiku lina mudzagwa mwana ali m'manja."

Sindinyoza sikelo ayi, ndi ntchito yabwino. Koma manja anga ndi a mu leba. Ana a m'midzi yonse yozungulira, mpaka ena a tsidya lija la Zambia, munthu woyamba kuwagwira ndinali ine. Ena mwa iwo anali atayamba kale kundibweretsera akazi awo. Ndinali nditatsala pang'ono kupuma, ndipo ndinkafuna kudzatuluka pakhomo la leba ndi miyendo yanga, pa nthawi yanga, osati kuchita kutulutsidwamo ngati bedi lothyoka. Ndinachoka mu ofesimo nditakwiya, chitseko ndinachisiya chosatseka.

Pasanapite nthawi kunabwera uthenga woti a ku Lilongwe akonza zoti ogwira ntchito m'zipatala za kumidzi azichita mafizo pa foni. Popeza maulendo anali ovuta ndi mliriwo, katswiri wa za mafupa ndi minofu azikhala komweko, ife tizimuona pa vidiyo, iye azitiona, n'kumatiuza zochita. Ndinaseka. Msana wa zaka zonsezi uchire ndi foni? Koma mnzanga wa ku leba, namwino wa msinkhu wanga amene tinkagawana mashifiti ndi tiyi, anati, "Amwali, tiyeni tikayese. Pa foni sangatidule mwendo."

Foniyo inali yake. Vuto linali netiweki. Kumalire kuno foni ilibe dziko: uli m'nyumba mwako momwe, uthenga n'kulowa wokulandira ku Zambia. Malo okhawo amene netiweki ya kwathu inkagwira osagwedera anali khonde la kuseri lija, pa windo la kachipinda kosungiramo ndowa ndi mabulangete. Mnzangayo anaimika foni pa windopo, anaigwiriziza ndi chidutswa cha njerwa, itayang'ana pa khonde.

Tsiku loyamba ndinachedwa, ndinali ndikumalizitsa mayi wina. Ndinamanga chitenje pamwamba pa yunifolomu, mphasa kukhwapa, ndipo ndikukhota pa ngodya ndinamva mawu akutuluka mu foni: "Pindani mawondo, mapazi apondebe pansi." Miyendo yanga inaima yokha. Mawu amenewo ndinkawadziwa bwino, ngakhale nkhope ya mwini wake sindinkaidziwa kwenikweni. Anali akamwini anga, amuna a mwana wanga mmodzi yekhayo.

Ndinkadziwa kuti ntchito yawo ndi imeneyo, koma Lilongwe ndi wamkulu, sindinaganizeko kuti pa akatswiri onse angatigwere iwo. Ndinabwerera chambuyo, ndinazungulira nyumba yonse, n'kukalowa m'kachipinda ka ndowa kaja.

Ana a masiku ano akafuna kuseka aseke. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi saonana m'maso. Mukakumana pa njira, wina amapatuka mpaka mnzake adutse. Simudyera pamodzi, simukhala mphasa imodzi, mukafuna kuuzana kanthu mumatuma munthu. Si udani, ndi ulemu. Malemu amuna anga anakhala zaka pa mudzi wa amayi anga osakanganapo nawo, chifukwa munthu amene sumuyang'ana m'maso sungamutukwane. Ine mwambowo ndinaukonda, ndipo ndimaukondabe. Akamwini angawo kwawo ndi kwa Zulu, m'boma lathu lomweli, ndiye sukulu yawo yonseyo sinawaiwalitse. Akabwera ndi mwana wanga pa Khirisimasi ankandilonjera atanyonyomala kuseri kwa nkhokwe, nkhope itayang'ana kumbali. Ndinkadziwa nsapato zawo, mawu awo ndi nkhongo yawo.

Mwambowu uli ndi khomo lake lotulukira. Amati kulowana. Apongozi amapha nkhuku, akuluakulu amakhalapo, awiriwo n'kudyera mbale imodzi, basi kuyambira pamenepo amalankhulana ngati mayi ndi mwana. Koma kwathu nkhuku imeneyo imadikira kuti mwana woyamba abadwe. Zaka zinapita, mwana osabwera. Sindinafunsepo, sindinatumizepo zitsamba monga amachitira azimayi ena. Ndinkangosunga nkhuku yake pakhomo, ikakalamba tinkadya, n'kusankha ina.

Ndili m'kachipindamo ndinamva mnzanga akuseka mpaka kutsokomola.

"Adokotala, apongozi anu athawa. Ali kuseri kwa windoli."

Foni inangoti zii, ena mpaka kuganiza kuti netiweki ya ku Zambia yatilanda. Kenako mawu anatuluka otsika kwambiri.

"Muwalonjere amayi. Muwauze kuti sindinadziwe kuti ndi chipatala chawo."

"Auzeni ndamva," ndinatero, foniyo ili pamphuno panga pomwe.

Ndi mmene tinachitira nyengo yonse yozizira ija. Foni pa windo itayang'ana anzanga, ine mkati kumsana kwake, pa mphasa yanga pakati pa ndowa, ndikutsanzira zimene ndikumva. Mnzanga anasanduka mthenga. Akamwini ankati, "Afunseni amayi ngati ululu ukutsikira kumwendo." Mnzanga n'kutembenukira pa windo, "Akuti ukutsikira kumwendo?" Ine n'kuyankha, "Auzeni kuti ayi." Tonse atatu tikumvana bwinobwino, koma mawu ankayenera kudzera mwa mnzanga basi. Ainchaji ankadandaula kuti chiapongozi chathu chikutha mayunitsi.

Masiku amenewo anali okoma, ngakhale tinali pakati pa mliri. Alangizi a zaumoyo ankabwera kuchokera m'midzi pa njinga zawo, fumbi mpaka m'nsidze, n'kudzagona pa mzere ndi adokotala awo. Pa mphasa panalibe bwana. Akati kwezani chiuno, ainchaji ankanjenjemera miyendo, amayi okolopa n'kumawawerengera mokweza mwadala. Alonda anakana kuvula jekete lawo lalikulu la usiku, ankachita nalo mafizo momwemo. Ine ndinkaonera zonsezi pa kampata ka windo n'kumaseka chamumtima, kuopa kuti akamwini angamve kuseka kwanga.

Gawo lomaliza ndi limene ndimalikumbukira kwambiri. Akamwini ankati aliyense agone chagada, atsinzine, dzanja limodzi pamimba. "Kokani mpweya ndi mphuno, ufike pamene pali dzanjapo. Tulutsani pakamwa pang'onopang'ono, ngati mukuuzira phala la mwana. Masulani nsagwada. Masulani mapewa, panopa simunasenze kanthu." Pa khonde ponse pankati zii. Unkangomva njiwa m'mabulugamu, mathiraki akusintha magiya kutali ku msewu wa ku boda, ndi kafungo ka mtedza umene alonda anayanika. Alondawo sankachedwa kuliza mkonono. Amayi okolopa tsiku lina anagwetsa misozi, atafunsidwa anati sakudziwa chowaliza. Ine zaka zonsezi ndinakhala ndikukalipira amayi mu leba kuti pumani, pumani bwino, koma ndekha ndinali ndisanapumepo choncho. Chaka chimene aliyense ankaopa mpweya wa mnzake, ife tinkagona motalikirana pa khonde lija n'kumapuma limodzi.

Anzanga anayamba kupeza bwino. Khosi la ainchaji linamasuka, amayi okolopa anayambanso kuyanika mabulangete pa waya okha. Ine zinkangoipiraipira. Ndinakulira pa khasu ine, ndipo kwa ine mankhwala osawawa si mankhwala. Akati kokerani bondo kuchifuwa pang'ono, ndinkalikoka mpaka misozi. Ndikafika kunyumba ndinkawonjezera zanga, kuwerama miyendo ili chiwongolere kuti ndigwire zala za kumapazi, poganiza kuti msana wouma umafuna kuupinda ndi mphamvu. Panalibe wondiona kuti andiletse. Ululu unatsikadi kumwendo, chala chachikulu mpaka kuchita dzanzi. Koma funso lija likabwera kudzera mwa mnzanga ndinkayankhabe kuti ayi. Kodi munthu ungawauze akamwini za ntchafu yako?

Zinaululika masana ena mu leba. Mtsikana wa mimba yoyamba anachira bwinobwino, mwana ndinamuika pachifuwa pa amake, koma pofuna kuweramuka msana unakana. Ndinangouma chiweramire, manja pa bedi, thukuta lili kamukamu. Amene anandiwongola anali agogo a khandalo, mayi wachikulire kuposa ine. Ainchaji anamva tsiku lomwelo, ndipo sananene zambiri.

"Mwezi uno ukatha, amayi, tikambirananso za sikelo."

Mnzanga anawauza zonse akamwini, yankho lake anabwera nalo kunyumba kwanga dzuwa likulowa. Anakhala pa chitseko, ulendo uno osaseka.

"Akuti akupepesa, koma sangathandize msana umene sakuuona. Ayenera kukuonani mukuyenda, mukuwerama, mukudzuka. Akuti ngati n'zosatheka akupezerani mnzawo wina, koma anzawowo ndi ochepa, aliyense ali ndi zipatala zake. Mwezi utha musanamupeze."

Mwana wanga naye anaimba.

"Amayi, akakhala pa ntchito ndi dokotala, si mkamwini."

"Mkamwini ndi mkamwini ngakhale avale gauni loyera."

"Ndiye mulolera kupunduka chifukwa cha manyazi?"

"Iwe, manyazi omwewo ndi amene anakulera."

Anadula foni akulira. Inenso ndinalira, koma nditayamba ndatsimikiza kuti yadukadi.

Lamulungu lake achimwene anga, mwini mbumba wathu, anabwera pa njinga kuchokera kwa Dambe ndi kathumba ka mtedza. Anandipeza ndikusesa pakhomo nditakhala pa mpando. Iwo ndi munthu woti amapeza choseketsa ngakhale pa maliro. Nditawafotokozera anaseka mpaka kuvula chipewa.

"Achemwali, wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Lowanani basi. Nkhuku si izi zikundijompha m'mapazizi?"

"Mwana sanabadwe."

"Mwambo ungadikire mwana, koma msana wanuwo sudikira."

Pamenepo ndinawauza chimene chinali pansi pa mtima wanga. Sanali manyazi okha ayi. Ndinkaopa kuti ndikapha nkhukuyo mwana asanabwere, ndiye kuti ndavomereza kuti sadzabweranso. Ine wolandira ana a anthu onse, wanga yekhayo n'kukhala chimanjamanja. Nkhuku ija ikamayendayenda pabwalo ndinkaona ngati nkhani sinathe.

Achimwene analeka kuseka.

"Mukudziwa kuti abale ake akhala akumuuza mkamwini wanuyo kuti akatenge mkazi wina? Wakana zaka zonsezi, mwana wathu akumusunga bwinobwino. Ndiye inu mukudikira chiyaninso kuti mumupatse nthutumba?"

Ndinaika tsache pansi. Kenako ndinawauza kuti agwire nkhuku yamawangamawanga imene ndinkaisunga ija, ine sindingathamange.

Akamwini sakanatha kubwera. Ankagwira ntchito pakati pa odwala korona, ndipo anakanitsitsa kutibweretsera matenda ife okalamba. Achimwene anagona, m'mawa anadzuka ataganiza. "Mbale imodzi siitheka," anatero, "koma nkhuku ikhale imodzi." Ndinaikazinga mpaka kuuma bwino, ndinaing'amba pakati kuchokera pakhosi. Ku mbali ya akamwini ndinaikako nthutumba, imene kwathu amadya mlendo wolemekezeka, ndinatsekera m'kontena n'kumanga ndi kansalu koyera. Anainyamula mayi wina wogulitsa zitenje za ku Chipata, amene ana ake onse ndinawalandira ine, popeza m'mawa womwewo ankakakwera minibasi ya ku Lilongwe pa Boma. Ndinamuchenjeza kuti akangotsegula pa njira ndidzadziwa.

Masana tinakhala pa khonde lija, ine ndi achimwene, mnzanga atagwiriziza foni pa njerwa yake. Ena onse anadziwa okha kuti atalikire, ngakhale amayi okolopa anakolopa malo amodzimodzi kuseri kwa khoma mpaka tinamaliza. Ine ndinakhala chammbali, nkhope ku munda wa mtedza. Achimwene anavula chipewa n'kulankhula ndi foniyo mwaulemu wonse, kuti mbumba yathu yaona khalidwe, yakhutira, ndipo kuyambira lero kuthawana kwatha. Kenako anati, "Achemwali, tembenukani."

Khosi langa linalemera kuposa la ainchaji lija. Nditatembenuka ndinaona munthu wochepa thupi kusiyana ndi mmene ndinkaganizira, wa imvi pamwamba pa makutu, masaya ali ndi mizere ya zingwe za masiki. Ine m'mutu ndinkasungabe mnyamata wa suti amene ndinamuonera patali pa ukwati. Pambali pawo panali mwana wanga, maso ofiira. Mbale inali pa miyendo pawo, nthutumba ili pamwamba, asanaikhudze.

"Idyani," ndinatero. Anali mawu anga oyamba kwa iwo opanda mthenga.

Anainyamula, anaiyang'ana, anaibwezanso m'mbale.

"Amayi, ine ndinkati nkhuku imeneyi sindidzaidya. Ndinkaganiza kuti mukundisungira mlandu, popeza sindinakupatseni mdzukulu."

Mawu amenewo anandibaya kuposa msana. Zaka zonsezi ine ndikuti ndikuwapatsa ulemu, iwo kuseri kwa nkhokwe kuja akuyesa akugwira chilango.

"Mlandu wanjinso? Idyani, mwana wanga, yayenda ulendo wautali."

Tinadya, iwo ku Lilongwe, ine ku Mchinji, nkhuku imodzi. Netiweki inathawirako ku Zambia, pobwerera ndinawapeza akupukuta m'maso ndi kunja kwa dzanja. Achimwene ananamizira kuti sanaone, anatanganidwa ndi khosi ndi mapazi a nkhukuyo.

Atangosamba m'manja mawu awo anasintha, anakhala a dokotala.

"Tsopano amayi, imirirani. Muyende mpaka pa mzati uwo, mubwerere."

Ndinamanga chitenje molimba, ndinayenda.

"Tolani chipewa cha amalumecho."

Ndinawerama mwa nthawi zonse, miyendo chiwongolere. Anafuula mpaka foni inachita kunjenjemera mawu.

"Ayi, amayi! Ndi mmene mwakhala mukunyamulira anthu zaka zonsezi? Nanga ululuwo ukufika pati?"

Ndinawalozera ndi chala, kuchokera m'chiuno, kutsika ndi ntchafu, mpaka kuphazi, pamaso pa achimwene anga ndi akamwini anga. Dziko silinathe.

Anandiletsa zonse zimene ndinkawonjezera kunyumba, ngakhalenso zina zimene anzanga ankachita, chifukwa msana wanga unkafuna zosiyana ndi zawo. Anati ndizigona chafufumimba n'kumadzutsa chifuwa ndi zigongono pang'onopang'ono. Ululu ukathamangira kumwendo ndileke pomwepo, ndisalimbane nawo. Pofuna chinthu cha pansi ndizipinda mawondo, kapena kugwada bondo limodzi msana uli chilili. Anandichenjeza kuti phazi likangoyamba kufooka ndikwere minibasi ya ku Lilongwe tsiku lomwelo. Anapempha ainchaji kuti andipatseko nthawi, ndiponso kuti bedi la mu leba likwezedwe. Alonda anadula matabwa okhuthala n'kuika pansi pa miyendo yake. Kanthu kakang'ono ngati kameneko, zaka zonsezi panalibe anakaganiza.

Kuyambira tsiku limenelo mphasa yanga inatuluka m'kachipinda ka ndowa, inakhala kutsogolo kwenikweni, pansi pa windo. Mnzanga anadandaula kuti umthenga wamuthera popanda chidziwitso. Akamwini aja ofatsa aja anasanduka ovuta. Palibe chimene chinkawadutsa.

"Amayi, ndikukuonanitu. Mwagwira mpweya."

"Ndikupuma ine."

"Mimba sikukwera. Yambiraninso."

"Ndinalakwa kukupatsani nthutumba inu."

Khonde lonse linkaseka, iwonso ankaseka, ndipo ndinazindikira kuti akaseka amatseka diso limodzi. Sizinali zachangu ayi. Masiku ena ndinkadzuka ngati sindinachitepo kanthu, n'kumatukwana mafizo ndi foni yomwe. Koma ululu unachoka kuphazi, unakwera ku bondo, unakakhala m'chiuno, kumene ukukhala mpaka lero osandivutitsa kwenikweni. Mwezi uja unatha, wina unathanso, ainchaji ankangondiyang'ana mayendedwe osatchula za sikelo.

Mvula yoyamba itagwa, masana ena ngolo inalowa pachipata ng'ombe zikuthamanga, mwamuna wa tsidya lija akukuwa m'Chinyanja chawo, "Ba nesi, bwelani, mwana achoka!" Panalibe nthawi yomutsitsa mayiyo. Ndinakwera m'ngolomo, ndinagwada bondo limodzi pa udzu wonyowa, msana uli chilili, ndipo ndinalandira mwana wamkazi momwemo. Kenako ndinadzuka naye ndekha, osagwira munthu kapena thabwa la ngolo. Ainchaji anali pa khonde la kutsogolo. Anaona zonse, analowa mu ofesi mwawo, ndipo nkhani ya sikelo inathera pomwepo. Madzulo ake ndinawaimbira ndekha akamwini kuti ndiwauze. Tinacheza mpaka mayunitsi kutha, mwana wanga akudandaula chapatali kuti ndamulanda mwamuna.

Mliri utatha mafizo a pa foni aja anazilala. Ainchaji anasamutsidwa, mnzanga anapuma n'kubwerera kwawo, alonda anatisiya. Ndamva kuti khonde lija analitseka ndi njerwa, tsopano ndi mosungira makatoni. Masana ena ndikagona pa mphasa kunyumba kuno, dzanja pamimba, ndimayembekeza kumva mkonono wa alonda aja. Mdzukulu sanabwere mpaka lero. Pakhomo panga nkhuku ndimaweta zodya basi, palibe imene ikudikira kanthu.

Tsiku langa lomaliza ndinatuluka pakhomo la leba ndi miyendo yanga. Akamwini anabwera ndi galimoto kudzatenga katundu wanga ku nyumba ya chipatala. Namwino amene anabwera kudzandilowa m'malo anawaona akutuluka atasenza matiresi, ine ndikuwakalipira kuti asakhulitse pa chitseko.

"Amayi, awa ndi ndani anu?" anandifunsa.

"Mwana wanga," ndinatero, ndikuwerama kuti nditole mphasa yanga ija.

Iwo sanacheuke n'komwe, matiresi ali pamutu.

"Amayi, mawondo."

Ndinapinda.